Macheza a Mabalani: Chakumwa cha Zipatso za Blueberry

 

Sabata ino ndiyankha kalata ya mnzathu wina wogwira nchito ku Rustenburg. Iye anapita ku ukwati m'tauni, ndipo kumeneko anampatsa tambula ya chakumwa chofiirira, chozizira, chokhala ndi tizipatso tating'ono toyandama pamwamba. Anamuuza kuti ndi cocktail ya blueberry. Tsono afunsa zinthu zitatu: kodi chipatsochi nchiani, kodi munthu wa chipinda chimodzi angathe kuchikonza yekha pamene akazi ache adza kudzamuona pa Khirisimasi, ndiponso chifukwa ninji miyendo yache inalefuka atamwa matambula atatu okha a chinthu chimene pakamwa chinali ngati madzi a zipatso. Wachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Mafunso awiri oyambawo ali osabvuta, koma lachitatulo ndilo mutu wa nkhani yathu.

Chipatso chimenechi

Blueberry si chipatso cha kwathu ai. Kwao ndi ku North America, kumene chinkamera chokha m'madambo ndi m'nkhalango. Eni dziko a kumeneko ankachithyola, nkuchiyanika pa dzuwa, nkuchisinja, ndipo ankachisakaniza ndi nyama youma kapena ndi phala la chimanga kuti chiwathandize m'miyezi yozizira. Azungu atafika anayesa kuchibzala m'minda yao ya manyowa ambiri, koma mitengo inkangofota. Munthu wa boma wodziwa za zomera, dzina lache Frederick Coville, ndiye anapeza chifukwa chache: mtengowu ufuna nthaka ya asidi, yonga ya m'dambo, osati nthaka imene mbeu zina zikonda. Analemba zimenezi m'chaka cha 1910. Chaka chotsatira mai wina wa ku New Jersey, Elizabeth White, atawerenga anamuitana kuti adzayese pa munda wa atate ache. Maiyo ankalipira anthu odziwa nkhalango kuti amfunire mitengo ya zipatso zazikulu, ndipo mitengo ina anaipatsa maina a anthu amene anaipezawo. Zipatso zoyamba za m'munda anazigulitsa m'chaka cha 1916.

Lero chipatsochi chilimidwa ku Peru ndi ku Chile, ndiponso kuno kum'mwera kwa Afrika: ku Western Cape, ku Limpopo, ndi m'mafamu a ku Zimbabwe. Zambiri zikwera ndege ndi zombo kupita ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya. Zithyoledwa ndi manja, chimodzi chimodzi, ndipo ena a inu muli ndi alongo kapena adzukulu amene agwira nchito yomweyo m'mafamu. Zichuluka m'masitolo kuyambira September kufikira December, ndipo pamenepo mtengo utsikako. Kambiri azigulitsa m'timabokosi ta magalamu 125. Ziripo zina zouma ndi chisanu, za m'mapaketi, zimene zipezeka chaka chonse.

Pa maonekedwe chiri ngati nthudza yaing'ono, koma chiribe nthanga zolimba. Khungu lache liri lobiriwira ngati thambo la madzulo, ndipo kumapeto kuli kachisoti ka nsonga zisanu. Mukaona kafumbi koyera pa khungu musaganize kuti ndi mankhwala kapena nkhungu. Ndi phula lache la chibadwa, ndipo lisonyeza kuti chipatso sichinagwiridwe gwiridwe. Sankhani zolimba ndi zouma. Kabokosi kamene pansi pache pali ponyowa ndi madzi ofiira musagule. Mukachidula pakati mudzapeza kuti m'kati muli moyera. Utoto wonse uli m'khungu, ndipo ichi chikumbukireni, pakuti ndicho chifukwa chache tichiphwanya kapena kuchiphika tisanachiike m'tambula.

Kodi cocktail nchiani?

Liuli lingokhala lachilendo, koma nchito yache njodziwika: ndiko kusakaniza. Nyuzipepa ina ya ku Hudson, m'dera la New York, inalongosola m'chaka cha 1806 kuti cocktail ndi mowa waukali, shuga, madzi ndi timadontho ta mankhwala owawa. Kuyambira pamenepo anthu aonjezamo zipatso, masamba ndi zina zambiri, koma miyendo ya mpando ikadali inai: chaukali, chowawasa, chotsekemera ndi chosungunula. Mwendo umodzi ukatalika mpando upendama. Shuga akachuluka chakumwa chikhala ngati mankhwala a chifuwa; mandimu akachuluka chikuyabwani m'mano; mowa ukachuluka, basi, mwataya ndalama zimene munagulira zipatso, pakuti simudzazimvanso pakamwa.

Blueberry payekha alibe ukali wa kukoma. Ndi chipatso chofatsa, ndipo popanda mandimu chakumwa chache chikhala chozizira m'kamwa ngati ndiwo zopanda mchere. Mandimu ndiwo achidzutsa.

Zipangizo

Ku hotela ali ndi zikho za chitsulo zogwedezera ndi timiyeso tonyezimira. Inu simusowa zimenezo. Pezani botolo la jamu lopanda kanthu, la chibvundikiro chotseka bwino, mulitsuke ndi madzi otentha. Pezani mthiko waung'ono, sefa ya tiyi, supuni yaing'ono ya tiyi, ndi matambula atali. Supuni yaing'ono itenga mamililita 5. Toti imodzi ya ku bala kuno ku South Africa ndi mamililita 25, ndiye kuti masupuni aang'ono 5. Amene ali ndi kakapu koyezera mankhwala kochokera ku chipatala akatsuke, kadzamthandiza koposa.

Za mowa, utatu uwu ndiwo ugwirizana ndi chipatsochi: gin, vodka ndi cane. Gin ali ndi fungo la zipatso za mtengo wa juniper, ndipo ayenda bwino ndi mandimu. Vodka alibe fungo, kotero asiya chipatso chilankhule chokha. Cane ndi wa nzimbe, ndipo kambiri ndiye wotsika mtengo. Brandy ndi whisky aphimba chipatso; asiyeni. Gulani m'sitolo ya chilolezo, botolo la chidindo chosadulidwa.

Manyuchi a blueberry

Nchito iyi ichitike tsiku lisanafike la alendo. Tengani kapu imodzi ya zipatso, kapu imodzi ya shuga woyera ndi kapu imodzi ya madzi. Ikani zonse m'poto woyera, wopanda fungo la anyezi kapena la nsomba. Zikawira chepetsani moto, ziwire pang'ono pang'ono kwa mphindi 10, mukuphwanya zipatso ndi mthiko. Mudzaona madzi akuda ngati inki. Phulani, zizizire, kenaka sefani ndi kuthira m'botolo loyera. Zotsala m'sefa musataye. Pakani pa buledi kapena thirani m'phala la m'mawa. Manyuchiwa akhala m'firiji sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati mulibe firiji konzani ochepa, oti athe tsiku lomwelo kapena mawa lache, pakuti m'chipinda chotentha ayamba kusasa.

Zipatso zouma ndi chisanu ziri bwino kwambiri pa nchito imeneyi, chifukwa chisanu chang'amba kale khungu ndipo utoto utuluka msanga. Zatsopano zija zisungireni zoyandamitsa pamwamba.

Kasakanizidwe

Pa tambula imodzi muyeso ndi uwu: zipatso 12, masamba a minti 6, madzi a mandimu masupuni aang'ono 4, manyuchi masupuni aang'ono 4, mowa toti imodzi, ayisi, ndi soda wosatsekemera wodzazira.

Ikani zipatso m'botolo la jamu ndi kuziphwanya ndi mpini wa mthiko mpaka zonse zitaphulika. Masamba a minti musawasinje, pakuti akasinjika atulutsa kuwawa. Aikeni pa chikhato, muombe m'manja kamodzi, nkuwaponya m'botolo. Thirani mandimu, ndipo apa penyetsetsani: utoto wakuda uja usanduka wofiira ngati maluwa. Si matsenga ai. Utoto wa m'khungu la chipatsochi usintha ukakumana ndi chowawasa. Mukathira kasoda wophikira m'malo mwa mandimu ubwerera ku mtundu wobiriwira, koma zimenezo nzoonetsa ana pa mbale, osati zomwa.

Tsono thirani manyuchi ndi mowa, ikani ayisi wodzaza dzanja, tsekani zolimba, ndipo gwedezani mwamphamvu mukuwerenga kufikira 15. Botolo likazizira mpaka kuluma zala, zatheka. Dzazani tambula ndi ayisi watsopano, sefereni chakumwacho m'menemo, ndipo dzazani ndi soda. Takasani kamodzi kokha. Ponyani zipatso zitatu kapena zinai pamwamba, ndi kachidutswa ka ndimu.

Pali zolakwa zitatu zimene anthu achita kawiri kawiri. Choyamba ndi kuthira soda m'botolo asanagwedeze. Chibvundikiro chiuluka, ndipo malaya oyera a pa Khirisimasi atha pomwepo, pakuti utoto wa blueberry suchoka msanga. Chachiwiri ndi kuumira ayisi. Ayisi wochepa asungunuka msanga ndi kusandutsa chakumwa madzi, koma wodzaza tambula akhalitsa. Chachitatu ndi kugwiritsa nchito madzi a mandimu a m'botolo. Ndimu yofinya pomwepo ndiyo iri ndi moyo.

Alendo akakhala asanu ndi mmodzi, chulukitsani muyeso wonse kasanu ndi kamodzi m'jagi, koma soda ndi ayisi zilowe pa nthawi yogawira.

Masamu a m'tambula

Tafika tsopano pa funso lachitatu lija. Nchito yanga ndi ya mabuku ndi manambala, tsono tiyeni tiwerengere limodzi.

Pa botolo la gin kapena cane palembedwa 43%, pena 40%. Ndiye kuti m'toti imodzi ya mamililita 25 muli mowa weni weni wokwana pafupi mamililita 11. Botolo laling'ono la mowa wamba, la mamililita 340 pa 5%, liri ndi mamililita 17. Ku hotela ndi ku maukwati kambiri athira matoti awiri m'tambula imodzi, ndiwo mamililita 21 ndi theka, kuposa botolo lija. Mnzathu wa ku Rustenburg, ngati anamthirira choncho, matambula ache atatu anali pafupi mabotolo anai a mowa, ndipo ndiganiza kuti anawamwa msanga ngati munthu wa ludzu womwa madzi.

Apa ndipo pali msampha. Mowa wowawa uchenjeza wokha, pakhosi pamakana. Koma shuga, zipatso ndi kuzizira zibisa ukali, ndipo mpweya wa soda uthandiza mowa kulowa m'magazi msanga. Lilime liti ndi madzi a zipatso, pamene chiwindi chidziwa zoona. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chiwindi cha munthu wamkulu chichotsa mowa pafupi mamililita 10 pa ola, ndipo cha ena chichedwa kuposa apa. Palibe chochifulumiza: khofi sathandiza, kusamba madzi ozizira sikuthandiza, ngakhale nsima yambiri ya pakati pa usiku. Matambula anai a matoti awiri awiri ndi mamililita 86, ndiye maola oposa 8. Mukayamba 8 koloko usiku wa Sabata, mowa ungakhale ukadali m'magazi 4 kapena 5 koloko m'mawa, nthawi yomwe muli pa mzere wopita ku kheji. Inu mudziwa kuti pa zipata za migodi yambiri pali kamakina kouzira mpweya, ndipo sikamva zoti chinali chakumwa cha zipatso. Shifiti itayika, chenjezo lilembedwa m'buku, ndipo kachiwiri kapena kachitatu nchito ingathe. Ana a kumudzi odikira fizi sadzadziwa kuti chinawadyera ndi kachipatso kakang'ono ngati nsawawa.

Ndipo kungakhale kuti mwadutsa pa chipata, pansi pali mlandu wina. Mowa uumitsa thupi, ndipo munthu wolowa m'mgodi wakuya thupi lache lisowa madzi ali pafupi ndi kugwa nako kutentha. Amene mwagwirapo ku migodi ya ku Carletonville, kumene ina ifika pafupi makilomita 4 pansi, simusowa kuuzidwa za kutentha kwa mwala. Woyendetsa winchi kapena loko amene mutu wache uli wolemera saika moyo wache wokha pa ngozi, koma wa gulu lonse.

Palinso abale athu amene akumwa mankhwala a TB. Mankhwala amenewo alemetsa kale chiwindi, ndipo kuonjezapo mowa ndi kusenzetsa mtolo wachiwiri munthu wotopa. Iwo amwe chopanda mowa mpaka adokotala atawamasula.

Chifukwa chache ine ndalemba toti imodzi, osati ziwiri, ndipo ndati yezani ndi supuni. Dzanja la munthu wokondwa silidziwa muyeso. Idyani musanamwe, ikani tambula ya madzi pakati pa chakumwa ndi chinzache, ndipo phwando likhale Loweruka pamene mawa lache simulowa pansi.

Zimene makolo athu anaona

Ena adzati, kodi nchifukwa ninji Mabalani alemba za mowa m'pepala la anchito? Ndiyankha ndi mbiri. Ku Transvaal lamulo linaletsa anthu akuda kugula mowa waukali kuyambira 1897, ndipo lamulo la 1928 linalimbitsa chiletsocho m'dziko lonse. Chinachotsedwa mu August 1962. Zaka zonsezo agogo athu amene anadza ku Joni sanaleke kumwa. Anangoleka kudziwa chimene akumwa. M'mashabini munali skokiaan ndi zina zofulidwa mobisa, m'migolo yokwiriridwa pansi kuopa apolisi, ndipo ofulula ena ankathiramo sipiriti wa papulo, fodya kapena kabaidi kuti ziluma msanga. Zofanana nazo zinaonekanso mu 2020, pamene boma linatseka malonda a mowa chifukwa cha matenda a Covid: anthu anafulula wa zinanazi m'zidebe, ena anasakaniza ndi mankhwala opaka m'manja, ndipo ena anafa nazo.

Sipiriti wa mtundu wa methanol saoneka, ndipo m'chakumwa chotsekemera simungamumve. Pang'ono pokha achititsa khungu, ndipo wochulukirapo apha. Shuga ndi zipatso zimene zibisa ukali wa mowa wabwino zibisanso ululu wa mowa woipa. Potero m'tambula iyi musathiremo za m'chigubu chopanda dzina, ngakhale wogulitsa akhale mnansi wanu. Ubwino wa kusakaniza nokha ndi umenewu: mudziwa chimene chalowamo, ndi kuchuluka kwache. Makolo athu mwai umenewo analibe.

Cha osamwa mowa

Pakati pathu pali a Chisilamu, a mipingo yoletsa mowa, amai oyembekezera, ana, ndi ena amene anangosankha kuleka. Asakhale ndi tambula ya madzi pamene anzao ali ndi yofiira. Chitani zonse monga ndalembera, koma siyani toti ija, muonjeze supuni imodzi ya mandimu, ndipo dzazani ndi soda kapena ginger ale. Pa maso sichisiyana, ndipo pakamwa kusiyana kwache nkochepa, pakuti nchito yaikulu agwira ndi chipatso. Majagi akakhala awiri, mangani kansalu pa chogwirira cha limene liri ndi mowa, ndipo liikeni pamene ana safikira. Mlendo akakana mowa musamkakamize, ndipo musamthirire mobisa ngati nthabwala. Zimenezo si ulemu.

Mukabwerera kumudzi

Blueberry kumudzi sapezeka wamba, ndipo m'tauni mtengo wache ngwokwera. Koma nzeru yache siifuna pasipoti. Mabulosi a pa mpanda aphikika chimodzimodzi, ndipo utoto wao uposa. Nthudza zakupsa, mapeyala a gwafa, chidede, bwemba ndi malambe, zonsezi zitulutsa manyuchi abwino. Bwemba ndi malambe nzowawasa kale, tsono chepetsani mandimu. Muyeso uli womwewo: kapu ya chipatso, kapu ya shuga, kapu ya madzi. Munthu wobwera ku Joni afunsidwa za bulangeti ndi njinga. Ndi bwino akafikenso ndi kaluso m'manja, koti pa tsiku la chikondwerero agogo ndi adzukulu amwere jagi limodzi.

Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka ndiwo zamasamba m'chipinda chopanda firiji, pakuti makalata ofunsa zimenezi achuluka pa tebulo panga. Lemberanibe, ndipo lembani moonekera bwino. Mulowe bwino, mutuluke bwino.

Ine wanu,
Mabalani